Kamakina ka Gomezgani kakhala pa mpando

Monire mose.

Ndangochokera ku Chiputula ku pulakatisi ya ukwati wa mng'ono wathu Tiwonge. Msuweni wathu Gomezgani wabwera ndi kamakina katsopano kosinthira kaliridwe ka gitala, kaja amaponda ndi phazi.

Iye akuti nsapato zake zili ndi matope, kangade. Ndiye wakayalira kansalu pa mpando ngati mlendo wolemekezeka, n'kumadina ndi chala.

Kuti adine, akuyamba wasiya kuyimba. Nyimbo yolowera mkwatibwi yadukira panjira, operekeza angoima mwendo m'mwamba, iye atagwada kufunafuna batani. Tiwonge watuluka misozi ikulengeza.

Nditamufunsa Gomezgani, wayankha kuti, "Asisi, saundi yabwino sifuna phuma."

Abale, Loweruka likubwerali mkwatibwi ndani, Tiwonge kapena kamakinaka? Gomezganiyu timuchotse, kapena tisonkhe timugulire nsapato zopondera?