Ndinalirira Thunthu la Nthochi

Amuna anga anamira pamadzi olekeza m'chifuwa. Ndimayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamva zoti munthu wafera panyanja amaganiza za pakati penipeni, pobiriwira paja. Ayi ndithu. Kuno kumunsi kwa Mtakataka nyanja ndi yosazama, umayenda mpaka kutopa madzi akadali m'chiuno. Ine wobadwira kumtunda ku Mua ndinkachita kuiderera, ndinkati nyanja yanji yoti ndi mbuzi yomwe ikhoza kuoloka.

Inali nyengo ya mwera, mphepo yozizira ija yochokera kumwera. M'mawa umenewo anapita ndi mng'ono wawo kukaonjola ukonde. Pobwerera, bwato linagudubuzika pamchenga pomwe mafunde amaswekera. Mlamu wangayo anaimirira bwinobwino, koma akulu ake osaoneka. Akuti bwato linawamenya m'mutu. Pobwera kudzandiuza anandipeza ndikuyanika usipa pathandala, ndipo ndinamaliza kuyala beseni lonse. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Akuluakulu anadula thunthu la nthochi lotalika ngati amuna angawo nakaliponya pomwe bwato linagudubuzikira. Ndi mwambo wake kuno: komwe thunthu lalowera, womirayo walowera komweko. Linayandama pang'onopang'ono kulowera kumpoto, mbali ya ku Chipoka, mwera ukulikankha, ndipo mabwato onse analitsatira. Akhristu ndi Asilamu omwe anasiya ntchito zawo, mnzako akapsa ndevu mzimire. Ine ndinangokhala pasiwa. Akandipatsa madzi ndinkamwa, akati sunthirani uku ndinkasuntha. Mumtima munalibe chilichonse koma chinthu chimodzi: ndiwaone, ndidziwe pomwe agona.

Masiku anapita. Thunthu lija analipeza litakodwa m'mabango kumpoto kuja, lokhalokha. Anasakasaka mozungulira monsemo, osapeza ndi nsapato yomwe. Kenaka akuluakulu anagwirizana kuti maliro sangakhale chikhalire, anthu atopa kugona panja kuzizira konseko. Analibweretsa thunthulo, kulikulunga nsalu, kuliika m'bokosi. Onyamula ankayenda mowerama ngati asenza cholemera, pofuna kundilemekeza, koma ine ndinkaona kuti bokosi likupepuka.

Apo ndiye ndinalira, abale inu. Dothi loyamba litagwera pabokosi paja, china chake chinaduka m'kati mwangamu. Ndinagubuduzika pansi, ndinawaitana dzina lawo la paubwana, ndinawakalipira chifukwa chondisiyira ana. Amayi anzanga anachita kundinyamula pobwerera. Mawu anandithera, kwa masiku angapo ndinkangolankhula ndi manja.

Mwera utaleka, nyanja inagona kuti bata ngati sinalakwepo. Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa, mlamu wanga uja analowa pabwalo nakhala pansi patali, chipewa chili m'manja.

"Alamu, achimwene apezeka."

"Kuti?"

"Kumwera. M'mabango, pomwe mtsinje umathirira m'nyanja."

Anawapeza ndi amayi odula bango, ndipo anawazindikirira kabudula yemwe ndinamuika chigamba cha chitenje changa. Ndinamufunsa mlamuyo kuti zatheka bwanji, poti mabwato onse anapita kumpoto. Anayankha akuyang'ana pansi. Anati msodzi aliyense amadziwa kuti mwera ukalimba umakankha madzi apamwamba okha. Madziwo akaunjikana kugombe amasowa kolowera, ndiye amabwerera chapansipansi, mwakachetechete, nthawi zina motsutsana ndi mphepo. Ukonde umaonetsa zimenezi: pamwamba umapendekera uku, miyala yapansi ikukokedwera uko. Nthochi imayandama, imamvera mphepo. Munthu amayamba wamira, amapita ndi madzi apansi, ndipo pomadzayandama amakhala atafika kale kwina.

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene tsiku lomwe lija. Anati iye wamng'ono, amenenso anatuluka wamoyo m'bwato lomwelo, akanatsegula bwanji pakamwa kutsutsa akuluakulu? Ndinkayembekeza kuti ndikwiya. Ndimadziwika ndi pakamwa ine, amuna angawo ankanditcha wailesi. Koma ndinangotola chinangwa china n'kupitiriza kusenda.

Manda oyamba aja palibe anafuna kuwafukula, choncho anakumba ena pambali pake. Bokosi sanalitsegule, anati ndisaone. Ulendo uno onyamula ankalemedwa zenizeni, ankasinthana pafupipafupi. Ndinayenda pambuyo pawo maso ali gwa. Ndinkaona zinthu zopanda pake: wina wavala malaya motembenuza, nyerere zikukwera pakhasu la adzukulu. Amayi anayamba kunong'onezana. Apongozi anga, amayi awo a malemuwo, anandisendera pafupi nanditsina pantchafu.

"Lirani, mayi. Anthu akukuonani."

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinakumbukira tsiku laukwati wathu, ndinakumbukira momwe ankasekera. Palibe chinatuluka. Misozi yonse yomwe ndinali nayo ya mwamuna ameneyu ndinali nditaithira pa nthochi.

Ena amanena mpaka pano kuti mkazi uja sanalire mwamuna wake. Sindiwayankha. Ana akula tsopano, ndimagulitsabe usipa pamsika wa Mtakataka, ndipo ndikamachapa kunyanja nthawi ya mwera ndimamva mchenga ukuthawa pansi pa mapazi anga kwinaku thovu la sopo likupita kumpoto. Ndimangotsukuluza zovala n'kubwerera kunyumba.

Chaka chilichonse timapita ndi akumpingo kukalambula kumanda. Ndimadziwa bwino lomwe kuti amuna anga ali m'manda achiwiriwo, ndi pomwe pali mtanda. Koma ndikangolowa, miyendo imandifikitsa kaye pamanda a nthochi paja, ndimagwada n'kuyamba kuzula udzu. Ana amandikumbutsa kuti amayi, si pamenepo. Ndimawauza kuti ndamva, ndimalize kaye pano.