Wosita Amene Sankafuna Kuti Mlandu Uthe

Kuseri kwa khoti kuli kamsewu kopanikiza, ndipo m'kamsewumo muli shopu yochapa ndi kusita zovala. Maloya ambiri amasiya mikanjo yawo yakuda mmenemo. Amene amaisita ndi bambo ena owonda, a phewa lakumanja lotsika chifukwa cha ntchito, omwe anthu amangowatcha kuti a Simbi. Dzina lawo lenileni linkamveka pokhapokha kalaliki wa khoti akamaitana milandu.

Ntchito amaidziwa monga aliyense amaidziwira ntchito imene wakalamba nayo. Malaya amayamba kolala, kenako manja, kumsana n'komalizira. Mkanjo wakuda amausita chotembenuza kuti usayere. Asanaike simbi pa nsalu amanyowetsa chala n'kuigunda pang'ono kuti amve ngati yapsa. Si munthu wa mawu ambiri, komanso si munthu wopanda banga, ndipo iwo eni sanayambe anenapo kuti alibe.

Mkazi wawo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, asanayambe sukulu. Maliro atatha a Simbi anagwera m'mowa. Mkulu wake wa malemuyo, mayi wa nyumba yakeyake ndi golosale pakhomo, anamutenga mwanayo.

"Alamu, akhale kaye kwathu mpaka mutsitsimuke," anatero mayiwo.

A Simbi anavomera, chifukwa n'zoona kuti masiku amenewo nthawi zina kunkawachera ali m'ngalande. Kutsitsimukako kunatenga zaka zingapo. Atasiya mowa n'kupeza ntchito yosita, anavala bwino n'kupita kukatenga mwana wawo. Alamu awo anawayankhira pawindo. Anapitanso, anawayankhiranso pawindo. Tsiku lina mtima unawapsa, anakankha chitseko ndi phewa, galasi lake linasweka, mwana ali kuseri kwake akulira. Khoti linawaletsa kufikanso pakhomopo. Chaka chomwecho anakasuma mlandu wofuna kuti mwana abwerere m'manja mwawo.

Mlanduwo unayenda mwa nanzikambe. Fayilo inasowa, inapezeka. Woweruza anasamutsidwa, amene anabwera anafuna kumva zonse kuyambira poyamba. Loya wa alamu anadwala. Loya waulere amene a Simbi anapatsidwa anapeza ntchito ina, anabwera wina, nayenso anachoka. Ku shopu anzawo ankawaseka.

"A Simbi, mlandu wanu uja chaka chino uli kalasi yanji?"

Iwo ankangomwetulira n'kumawaza madzi pa thalauza.

Chimene anzawowo sankachidziwa n'chakuti tsiku lililonse la mlandu alamu ankabwera ndi mwanayo, atamuluka tsitsi bwino, atamuveka nsapato zopolisha, kuti woweruza aone yekha kuti sakuvutika. Pakhonde la khoti pali mabenchi awiri oyang'anizana. Anthu amadikira pamenepo kuyambira m'mawa mpaka aitanidwe, mwina dzuwa litapendeka kale. A Simbi ankakhala pa benchi ili, mwana ndi amayi ake aakulu pa benchi ilo. Padziko lonse malo amene lamulo linkawalola kukhala pafupi ndi mwana wawo anali amenewo.

Anamuona mano akutsogolo atagweruka, ulendo wina anawaona atamera. Anaona yunifolomu ya pulayimale ikufupika mpaka inasanduka ya sekondale. Anaona kuti akamawerenga amaluma mlomo wam'munsi ngati malemu amayi ake. Mawu awo anali omwewo nthawi zonse.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bambo."

Zikatero alamu ankasuntha chikwama chawo chachikulu n'kuchiika pamiyendo, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Choncho woweruza akanena kuti mlandu wasunthidwa, a Simbi ankapukusa mutu kuti anthu aone, koma potsika masitepe mapazi ankawapepuka, chifukwa m'thumba anali ndi tsiku lina. Chaka china anapatsidwa loya wakhama amene anawauza kuti, "Bambo, tikhoza kumaliza mwezi uno. Koma ndisakunamizeni, nkhani ya chitseko ija itipweteka." A Simbi anaganiza ali pa thebulo lawo, nthunzi ikuwaomba kumaso. Akapambana, mwana abwera. Akaluza, benchi lija latha. Tsiku litafika anapita, anakhala pa benchi, anamuona mwana mpaka maso anakhuta, ndipo ataitanidwa anagwira pamimba n'kupempha tsiku lina. Ulendo wotsatira sanaiuze mboni yawo tsiku lobwera. Loya wakhamayo anatopa nawo. Wofuna kuwadzudzula awadzudzule, sangalakwe kwenikweni. Iwo ankaona ngati akusunga kamoto kuti kasazime.

M'mawa wina anafika pakhonde paja n'kupeza mwana sanavale yunifolomu. Anavala diresi la buluu, kachikwama kakekake paphewa. Anapatsana moni wawo uja. Loya wawo wa nthawi imeneyo anali mtsikana wongoyamba kumene ntchito, ndipo mkanjo umene anavala anausita ndi a Simbi omwe dzulo lake. Anawakokera pambali.

"Bambo, mwana wanu wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu?"

"Eya, mwezi wathawu. Tsiku lake sindiliiwala."

Loyayo anayang'ana nsapato zake. "Ndiye lero konzekani mtima."

M'khoti loya wa alamu anaimirira, analankhula mwachidule n'kukhala pansi. Woweruza anatembenuza mapepala, kenako analankhula Chingerezi mofatsa. Womasulira, mkulu wa mawu osasa amene a Simbi anakalamba akumuona, anayamba bwinobwino, koma atafika pena anakhosomola kaye.

"Bwana akuti nkhani yanu tsopano ndi moot. Mawu amenewa ena amanenera nkhani yoti anthu angakangane mpaka dzuwa kulowa osagwirizana. Koma muno akutanthauza kuti ngakhale mukangane chotani, palibe chimene chisinthe. Mwana wakula. Khoti silingamupereke kwa inu, silingamuperekenso kwa alamu anu. Salinso wogamulidwa ndi munthu. Mlandu watsekedwa."

A Simbi anaimirira loya wawo asanawagwire.

"Bwana, ndiye gamulani kuti ndaluza."

Kumbuyo ena anaseka. Womasulira anamasulira, woweruza anadzutsa mutu.

"Gamulani kuti ndine bambo woipa, ndivomera. Mowa ndinkamwadi. Chitseko ndinaswadi, ndi phewa ili. Mukagamula ndichita apilo."

"Bwana akufunsa kuti apilo ya chiyani."

"Ya chilichonse, bwana. Ingondipatsani tsiku lina. Ngakhale lakutali, ine ndidikira. Kudikira ndimakutha."

Woweruza anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi ake, ndipo sanaoneke wokwiya. Ananena mawu ochepa. Womasulira anatsitsa mawu: "Akuti pepani, bambo. Tsiku lina palibe." Kalaliki anaitana mlandu wina.

Pakhonde a Simbi anagwira dzanja la mkanjo wa loya wawo mpaka linachita makwinya.

"Madamu, palibe mlandu wina ungapezeke? Kaya andisumire iwowo za chitseko chija. Kaya ine ndiwasumire kuti anandinyoza pawindo. Inu munaphunzira, simungasowe kanthu."

"Bambo, mlandu mukuufuniranji?" Loyayo anamasula dzanja lake pang'onopang'ono. "Mwanayo palibe akumugwira. Uyo akutsika masitepe. Pitani mukamufunse nokha."

A Simbi anayang'ana kumasitepe. Chimenecho ndicho ankachiopa kuposa kuluza. Nthawi yonse imene mlandu unalipo ankatha kudziuza kuti mwana wawo akumutsekereza, kuti akanakhala womasuka akanathamangira kwa bambo ake. Funsolo linali m'fayilo, ndipo fayilo siyankha. Tsopano linali m'kamwa mwawo, ndipo woliyankha anali kuwoloka msewu.

Anathamanga, munthu woti kuthamanga anakusiya kalekale. Anapeza mwana ndi alamu pa siteji ya basi. Alamu anatembenuka, chikwama patsogolo.

"Alamu, mwatikokakoka zaka zonsezi, mpaka imvi izi. Mukufunanso chiyani? Lamulo lija likadalipo, musaiwale."

"Amayi, lamulo lija limanena za kunyumba," anatero mtsikanayo. "Pano ndi pamsewu. Kwerani, mundisungire malo."

Mayiwo anamuyang'ana, anayang'ana a Simbi, kenako anakwera basi akung'ung'udza. Bambo ndi mwana anatsala awiri, popanda benchi pakati pawo. A Simbi anapeza kuti mwanayo anali wamtali kuposa iwo.

"Mayi," anatero, mpweya ukuwathera, "mwakula."

"Ndakula. Khoti lanena."

"Ndimati ndifunse. Kumene ndikukhala kuli malo. Chipinda n'chimodzi koma n'chachikulu, ndinachigawa ndi katani. Mbali ya kuwindo ndinasiyira inu. Bedi lilipo, mwina lachepa tsopano, koma kalipentala ndimadziwana naye."

"Sindibwera kudzakhala nanu, bambo." Ananena mosakweza mawu. "Amayi aja ndi amene andilera. Ndikadwala amene ankagona pansi m'chipatala ndi iwowo. Ali ndi zovuta zawo, koma sindingawasiye lero chifukwa choti fayilo yatsekedwa."

A Simbi anagwedeza mutu kambirimbiri, ngati munthu amene akuuzidwa njira ya kumalo amene sadzafikako.

"Zaka zonsezi mumafunsa oweruza," anapitiriza mtsikanayo. "Ine ndinali pa benchi pompo. Simunandifunsepo ngakhale kuti ndili kalasi yanji."

"Ndinkaona yunifolomu."

"Benchi limene lija ndinkadana nalo, bambo. Kusukulu ankanditcha Wamlandu. Tsiku lija munati m'mimba mukupweteka, ine ndinaphonya mayeso a masamu, ndinabwereza nawo kalasi. Pobwerera ndinakuonani pawindo la basi, muli pa kantini mukumwa tiyi ndi buledi, mukuseka ndi wogulitsa."

Tsikulo a Simbi ankalikumbukira bwino. Linali limodzi mwa masiku awo okoma, chifukwa mwana anavala juzi yofiira ndipo anayetsemula kawiri. Sanaganizepo kuti kamoto kamene ankasunga kankawotcha munthu.

"Ndinalakwa, mayi," anatero potsiriza. "Ndinkangofuna kukuonani. Njira ina sindinkaidziwa."

Mtsikanayo anayang'ana kumbali. Kondakitala anamenya mbali ya basi ndi chikhatho n'kufunsa ngati achemwali akukwera kapena akungocheza.

"Mumagwira kuti ntchito?" anafunsa mtsikanayo.

A Simbi analoza ndi dzanja. "Kuseri kwa khoti komweku. Kamsewu kachiwiri, shopu ya chitseko chobiriwira. Ndimasita."

"Pafupi chonchi? Zaka zonsezi?" Anapukusa mutu. "Mwina tsiku lina ndidzadutsako."

"Liti, mayi?"

"Sindikudziwa."

"Lachisanu? Kapena kumapeto kwa mwezi? Ingotchulani tsiku, ngakhale la chaka chamawa, kuti ndizidziwa."

"Bambo, ine si woweruza. Tsiku sindipereka."

Anakwera. Basi inanyamuka, ndipo a Simbi anaima pamenepo mpaka utsi wake unatha.

Ku shopu anapeza mulu wa malaya ukuwadikira. Thebulo lawo linali kumbuyo kwenikweni, loyang'ana kukhoma, kuseri kwa makina ochapira. Analiyang'ana, kenako anachotsa simbi, analigwira mbali imodzi n'kuyamba kulikoka. Miyendo yake inalira pa simenti mpaka mayi eni shopu anatuluka m'kaofesi kawo.

"A Simbi, mukusamuka?"

"Kumbuyoku kuli mdima, madamu. Maso ayamba kundivuta."

"Ndiye pakhomo? Nthunzi yanuyo ithamangitsa makasitomala."

"Ndiziipemerera kwina."

Mayiwo anawayang'ana nkhope, anafunsa kuti mlandu wayenda bwanji, ndipo atamva kuti watha sanafunsenso china. Anangowauza kuti chingwe cha simbi sichifika, agule chowonjezera.

Kuyambira tsiku limenelo a Simbi amasitira pakhomo. Masana sapitanso ku kantini, amadya ataimirira, simbi ili chilili pambali. Chithunzithunzi chikangogwera pa thebulo amadzutsa mutu, ndipo kawiri konse apsereza kolala ya loya, iwo amene kale sankapsereza kanthu. Anzawo anasiya kuwaseka. Miyezi yapitapo ingapo.

Lamulungu shopu imakhala yotseka. A Simbi akachoka ku tchalitchi amapita komweko n'kukhala pa sitepe, nsana utatsamira chitseko, mpaka ogulitsa m'kamsewumo atalongedza katundu wawo. Mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anawafunsapo kuti akulondera chiyani pa shopu yokhoma ndi loko.

"Pali munthu sindinamuuze kuti Lamulungu sititsegula," anatero a Simbi, maso ali kumene kamsewu kamakumana ndi msewu waukulu.