Madontho Pansi pa Pikapu ya a Wahabu

Ku Chiwalo ukafunsa za makaniko, anthu amakulozera kwa a Wyson, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo. Akazi awo, a Belita, satchulidwa. Anthu amawadziwa ngati mayi wolima nandolo, woyimba kwaya, amene sasowa pamaliro.

Komatu kwa zaka makumi awiri, mabawuti onse ochoka m'magalimoto a pamenepo ankawatsuka ndi iwo m'beseni la palafini. Madzi othira mu lediyeta ankawasenza ndi iwo kuchokera ku mjigo. A Wyson akachotsa pampu ya madzi pa injini, a Belita ankabwera ndi kampeni kawo kosendera chinangwa n'kupala zotsalira za gasiketi yakale, chipepala cholimba chotseka mpata pakati pa pampu ndi injini. Ankapala, n'kusisita ndi chala, n'kupalanso, mpaka chitsulo chitasalala ngati mbale. Ntchito imeneyi inalibe dzina. A Wyson ankangoti, "Mayi a Fyness, tapukutani apa," ngati munthu wopempha madzi akumwa.

Zaka zitatu zapitazo maso a bamboyo anayamba kuchita nkhungu. Iwo sananene, a Belitanso sanafunse. Anangoyamba kuyala masipanala pa thumba motsatana, yaing'ono kumanzere, yaikulu kumanja, kuti dzanja lizipeza lokha.

Nyengo yokolola mpunga itafika, a Wahabu, amene amagula mpunga ku Chilwa, anabweretsa pikapu yawo ikutentha. Sabata imeneyo a Belita anali ku Jenala, akuphika pamaliro a mlamu wawo. A Wyson anamanga pampu yatsopano okha.

A Belita atabwerera, anapeza pikapuyo yabweranso, boneti ili yasa, a Wahabu ataima manja m'chiuno.

"Madala, kuchokera kunyanja kufika kuno ndathira madzi kanayi. Kodi mwandikonzera galimoto kapena dimba?"

"Mapampu a masiku ano ndi achinyengo," anayankha a Wyson.

"Pampuyi ndinagula ndekha, yomata m'katoni mwake. Ndimakulemekezani, koma mpunga ukundidikira. Dzuwa likafika pamutu isanatheke, ndikoka kupita nayo kwa anyamata a ku boma. Anthu akunena kale kuti mwatopa."

Mawu omalizawo a Belita anawamva ali pakhonde, mpango wa kumaliro usanachoke kumutu. Ankadziwa kuti pikapuyo ikangokokedwa kudutsa pamsika anthu akuona, palibenso galimoto idzaime pansi pa mango aja. Ndipo amuna awo sankadziwa kukhala opanda chitsulo m'manja.

A Wyson analimbitsanso mabawuti. Anasintha kilipi ya paipi. Anamanganso paipiyo ndi mphira wa chubu cha njinga. Akaliza injini, madzi obiriwira ankayenderera pansi ponse, osadziwika kumene akuchokera.

A Belita anatenga tsache. Anagwada n'kusesa pansi pa galimoto, anapukuta injini ndi chitenje chakutha mpaka itauma, kenako anawaza phulusa la kukhitchini pa dothi.

"Ilizeni pang'ono, muzimitse. A Wahabu, khalani pa benchipo mumwe thobwa."

"Mayi, phulusali ndi mankhwala?"

"Imwani thobwa."

Patapita kanthawi a Belita anasuzumira. Pa phulusa panali madontho atatu okha, onse pamalo amodzi. Sanali pansi pa paipi. Anatsata ndi maso kukwera mmwamba, mpaka pamene pampu imakumana ndi injini. Anasendera pafupi ndi amuna awo n'kufunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Fyness, musanamange, anapala ndani?"

"Ndinapala ndekha. Panali poyera."

A Belita sanatsutse. "Tiyeni timasulenso," anatero.

Anakhuthula madzi m'ndowa, a Wyson anamasula mabawuti asanu, pampu inachoka. Kwa a Wyson chitsulo cha pa injini chinkaoneka choyera ndithu. A Belita anayendetsa chala mozungulira, monga amachitira posankha timiyala mu mpunga. Chakumunsi chala chinaima. Panali kachidutswa ka gasiketi yakale, kakang'ono ngati chikhadabo, kouma gwa. Gasiketi yatsopano inakhala pamwamba pake, n'kusiya kampata.

A Belita anagwira dzanja la amuna awo, lakuda ndi oilo, n'kuika chala chawo pamenepo. A Wyson anasisita kamodzi, kawiri. Dzanja lawo linakhalabe m'dzanja la akazi awo.

A Wahabu anali atabwera kudzasuzumira. A Belita anafulumira kunena, "Sabata yathayi kunali chiperoni. Pansi pa mtengo pano pamachita mdima."

"Ayi, mayi a Fyness. Kunali dzuwa," anatero a Wyson. Anatembenukira kwa mwini galimoto. "A Wahabu, pampu yanu ilibe mlandu. Makutu anga akadali akuthwa, injini ikadwala ndimaimva. Manja akudziwa njira. Koma maso anapita kale. Amene wakhala akundionera ndi mayiwa. Ndipo kupalaku, ngakhale maso ali bwino, sindinapalepo ine."

A Wahabu anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuthokoza theka la makaniko?"

"Theka laling'ono," anatero a Wyson.

A Belita anayang'ana pansi, manyazi atawagwira ngati mtsikana. Anapita kukatenga kampeni kawo. Anapala, a Wyson anadula gasiketi ina, a Belita anaiyika pamalo pake, a Wyson anamanga mabawuti modumphitsa, ili kenako la kutsidya, kuti pampu ikhale mofanana. Anathira madzi, analiza injini mpaka itatentha. Sipanagwe dontho.

A Wahabu anakwera, koma sananyamuke msanga. Anatulutsa mutu pawindo.

"Mabuleki akulira. Ndibwera nayo Lolemba, mudzakhalepo nonse awiri. Ndipo Lachinayi ndikupita ku boma. Mpando wakutsogolo ulibe munthu, madala. Mukaonetse masowo kuchipatala."

A Wyson anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyang'ana kumene kunaima akazi awo.

"Pampandopo tikwana awiri?"

A Belita anaganiza za nandolo amene anafunika kuthyola Lachinayi lomwelo. Anaona kuti angathe kudikira tsiku limodzi.