Mphuno ya a Ejnar

Pabwalo lathu la ndege kuno ku Jutland, lija la kapinga loyandikana ndi minda ya mbatata, a Ejnar Mosgaard akangotembenuka tinkawatcha a Mphuno. Eni akewo ankadziwa ndipo ankanyadira. Mphunoyo inali yaikulu, yofiira ngati soseji ya pamsika, koma inkagwira ntchito.

Moyo wawo wonse anali wokonza mathirakitala. Kalabu yathu itagula kandege koyera ka mipando iwiri, ka mapiko apamwamba, kamene timakatcha Tsekwe, kiyi wa shedi anapatsidwa iwowo. Dokotala atawaletsa kuuluka chifukwa cha mtima, anangotsala ndi kiyiyo ndi mphuno. Ankangolowa m'shedi, n'kukoka mpweya, n'kunena kuti, "Phiko lamanzere, kampopi kapansi kakulira." Tikayang'ana, n'zoonadi, petulo akudontha. Choipa chake ankafuna tiziwayamika mpaka Khirisimasi.

Chaka chatha, nthawi yozizira, anadwala chimfine chachikulu. Chimfinecho pochoka chinanyamula fungo lonse n'kupita nalo. Akazi awo, a Bodil, anazindikira tsiku limene kabichi anapserera mpaka galu wa aneba anayetsemula, bambowo ali phee patebulo ndi nyuzi yawo.

"Usauze munthu," anatero a Ejnar.

"Ine ndiuze ndani?" anayankha a Bodil.

Anangouza mng'ono wawo Tove yekha, amene amameta tsitsi theka la tauni yathu. Ine ndinazimva kumeneko. Koma amuna a ku kalabu ambiri ndi a dazi, choncho nkhaniyi sinawapeze.

Loweruka lina kukuwaza kamvula, wapampando wathu, a Preben Kragh, wogulitsa mawindo amene kiyi wa shedi ankamusirira kuyambira kale, anatera ndi Tsekwe nkhope itatuwa.

"M'katimu mukununkha petulo! Ndauluka mutu uli pawindo ngati galu wa m'galimoto. Ejnar, bweretsa chipangizo chako chija."

"Mwina ndi mowa wa dzulo ukutuluka m'thupi," anatero a Ejnar. "Dzadzani mathanki mpaka pakamwa, mumukankhire m'shedi, kenako muchoke nonse. Mafuta anu odzolawa amandisokoneza."

A Ejnar ananyowa nawo ndi mvula papampu, n'kulowa m'shedi, n'kutseka chitseko. Amuna onse anapita kukanyumba ka kalabu kukadikira khofi. Ine ndinasuzumira pawindo, monga munthu aliyense woleredwa bwino akanachitira.

Poyamba ananunkhizadi. Analowetsa mutu m'ndegemo, n'kukoka mpweya mpaka mapewa kukwera, n'kuima nthawi yaitali ngati munthu amene akugogoda pakhomo pamene anthu anasamuka. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka paudala wa a Bodil. Zikuoneka kuti ankayenda nako kuyambira atachira, kudikira tsiku ngati limeneli.

Petulo wa ndege amamuthira utoto wabuluu, ndipo pamene wadutsa amasiya mkwasa. A Ejnar anapukuta bwinobwino pansi pa mapiko onse awiri ndi kansanza, n'kuwaza paudala m'mizere ya misomali, pa timipopi, ndi pamene phiko limalumikizana ndi thupi la ndege. Anakhala pachitini n'kumadikira. Kumanzere kunali mbee. Kumanja, pamwamba penipeni pa chitseko, panatuluka kamzere kabuluu, kowonda ngati mtsempha wa padzanja la nkhalamba. Anamasula kachivundikiro ka paphikolo, n'kulowetsa mkono wonse mpaka m'khwapa, n'kumafufuza ndi zala. Linali labala lotsekera pamene geji yoyezera petulo imalowera m'thanki ya m'phikomo. Linauma n'kung'aluka, ndipo thanki ikadzadza petulo ankatsetsereka n'kukanyowetsa nsalu ya kudenga, pamwamba pa mutu wa a Preben.

Nditawaona akupukuta paudala yense kuti pasatsale umboni, ndinathamangira kukanyumba n'kukhala ngati ndakhalapo kuyambira m'mawa.

Patebulo panali khofi, keke imene a Bodil anali atangobwera nayo, ndi makandulo. Ife khofi wopanda kandulo sitimwa ngakhale masana, ndipo mwambo wa pakalabu ndi wakuti woyatsa ndi mwini kiyi. A Ejnar analowa chifuwa chili patsogolo. Fungo linalowa iwo asanalowe. Petulo anali atatsikira m'dzanja la juzi yawo yaubweya mpaka m'nthiti, koma iwo, atanyowa kale ndi mvula, ankayesa madzi.

"Mphuno yanena," anatero akugogoda pamphuno ndi chala. "Phiko lamanja, labala la pageji. Ndinalimva ndili pakhomo pomwe. Uzani makaniko wa ndege abwere ndi latsopano, ndipo mpaka abwere Tsekwe asanyamuke."

Tonse tinkangoyang'ana dzanja la juzi, limene linali litasanduka labuluu. Iwo anayesa kuti ndi ulemu. Anatenga machesi, n'kuweramira kandulo.

"Ejnar!" anakuwa a Bodil, n'kumenya dzanja logwira machesilo ndi mbale ya keke. Machesi anamwazika pansi, keke n'kuwatsatira.

"Wapenga kodi, mkazi iwe?"

A Preben anadzuka pang'onopang'ono n'kutsegula mawindo onse. Pa zamawindo amadziwa.

"Ejnar, mzanga," anatero mofatsa, "ukumva fungo lanji muno?"

A Ejnar anayang'ana patebulo kuti aone yankho.

"Khofi," anatero.

Khofiyo anali m'fulasiki yotseka.

"Vula juziyo ukaiyanike panja," anatero a Bodil, maso ali pakeke. Anavula, n'kutsala ndi malaya am'kati, ndipo kabotolo ka paudala kanagwa m'thumba n'kugubuduka mpaka paphazi pa wapampando.

Makaniko anabwera mkati mwa sabata, n'kupeza labala long'aluka pomwe a Ejnar ananena. Komiti inakumananso sabata yomweyo. Inati munthu wosamva petulo sangamatsekule yekha shedi yodzadza petulo, ndipo ine, ngakhale zimandiwawa, sindingati inanama. Kiyi sanalande, ayi. Ife sitilanda. Tinachita kaphwando, a Preben analankhula mawu okoma okhudza zaka zonse zija, kenako anatambasula dzanja n'kulisiya lili chotambasula mpaka kiyi anagweramo. Mphatso ya kalabu inali mtolo wa maluwa. Amene anakagula anasankha onunkhira kwambiri m'sitolo monse, ndipo a Ejnar anawafikitsa pamphuno n'kunena kuti zikomo.

Masiku ano pashelefu ya m'shedi pali kabotolo ka paudala, ndipo mamembala atsopano amati ndi nzeru ya a Preben. A Preben sawatsutsa.

A Ejnar amabwerabe Loweruka lililonse. Amafika m'mamawa monga kale, n'kuima pakhomo pa shedi manja ali m'thumba, kudikira wina wa kiyi. A Preben sachedwa kwambiri, kupatula kukamagwa mvula.