Modemu imene sinatsukidwe

Amuna anga anamwalira nthawi ya fumbi, anthu atayamba kale kusosa m'minda. Tinkakhala ku Entre Lagos, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa njanji. Kwathu kwenikweni ndi ku Amaramba, kumene kuli munda umene amayi anandisiyira. Ku Entre Lagos ndinangotsatira banja. Amuna angawo ankalembera anthu makalata pa kompyuta: opempha malo a sukulu, ofuna mapepala a pamalire, ndi ena ongofuna kuti mawu awo aoneke bwino pamaso pa boma. Akamaliza ankabaya modemu m'mbali mwa kompyutayo, kanthu koyera kotalika ngati chala, n'kutumiza zolembazo kumene zikufunika.

Kwathu kuno mkazi wamasiye sachoka pamudzi pa mwamuna asanasudzulidwe. Mbale weniweni wa malemu, wa bere limodzi, ayenera kunena pamaso pa anthu kuti wamasuka, pita kwanu. Amalume a amuna anga anali atatha onse. Amene anatsala ndi mlongo mmodzi wa amuna angawo, amene sanabwerere nafe pamene tinkachoka ku Malawi nkhondo itatha. Anakwatiwa komweko, ndipo anasowana ndi achimwene awo zaka zambiri. Atapezana ankalemberana mauthenga kudzera pa modemu ija, chifukwa maso a amuna anga sankaona tizilembo ta pafoni. Ine alamu angawo ndinali ndisanawaonenso chichokereni kumsasa wa othawa nkhondo. Mudzi wawo sindinkaudziwa. Nambala yawo sindinkaidziwa.

Titaika maliro, katundu wa malemu anatsukidwa monga timachitira. Azimayi anachapa zovala ndi mabulangete, azibambo anatsuka njinga, makasu ndi mpando. Atafika pa kompyuta anaima. Msuweni wa amuna anga, bambo wogulitsa nsomba za ku Chiuta pa njinga, ndiye ananena kuti, "Iyi madzi siifuna, koma ku vila aliko amene amatsuka m'kati." Aliyense anavomera, inenso ndinavomera. Anapita nayo kutauniko, ku Insaca, m'mawa mwake anabwera nayo ali wokondwa. Anati yayera mbee, ndipo aiikiramo sistema yatsopano, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse.

Patapita masiku awiri ndi pamene ndinazindikira chimene tinachita. Ndinapempha aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe, mayi wodziwa makina, kuti andipezere nambala ya alamu anga. Anatsegula apa, anatsegula apo, kenako anandiyang'ana. Munalibe kalikonse. Makalata onse a amuna anga, zithunzi, mauthenga, zonse zinapita ndi kutsukako.

Ndinafunsa msuweni uja ngati angandisudzule yekha. Anakana. "Ine ndine wa kwa bambo awo, alamu. Mawu amenewo si anga. Ndikawanena, zikadzavuta mudzaloza ine."

Modemu yokha ndiyo sinatsukidwe. Inali m'thumba la malaya amene amuna anga anavala popita kuchipatala, ndipo ine ndinaimanga pansonga ya kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, osauza munthu. Chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero. Nditaimasula, aphunzitsi anati mwina mwayi ulipo. Anayamba atulutsa kakhadi ka m'kati mwake n'kukaika m'foni yawo, koma munalibe dzina ngakhale limodzi. Anakabwezera, n'kubaya modemuyo pa kompyuta. Kompyuta inalira kamodzi, kanyali ka modemu kanayamba kuphethira, ndipo ine ndinaimirira. Kenako panatuluka mawu a Chipwitikizi. Aphunzitsi anati akunena kuti chipangizochi sachidziwa.

"Sachidziwa bwanji?" ndinafunsa. "Zakhala limodzi zaka zonsezi."

"Bokosi ndi lomweli, mayi, koma za m'kati ndi zachilendo."

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkasesa pabwalo m'mawa, ndisesenso dzuwa lili pamutu popanda chinyalala. Ndikayamba kusankha nyemba ndinkazisiya pakati n'kukaima kunjanji, kuyang'ana mitambo ya mbali ya kwathu. Mng'ono wanga anatumiza mawu kawiri kuchokera ku Amaramba kuti munda ukangogona chaka chino, azakhali aupereka kwa ana awo, chifukwa nthaka siingadikire munthu amene sakudziwika tsiku lobwera. Ine ndinalibe china chodalira kupatula mundawo. Kulemba makalata sindikanatha, sukulu ndinalekera kalasi lachitatu.

Ndinayenda nayo modemu ija paliponse pamene ndinamva kuti pali kompyuta. Kwa wojambula zithunzi za mapasipoti inalira kamodzi n'kukana. Kwa akatekisiti chimodzimodzi. Kalaliki wina wopuma pantchito anaibaya mabowo onse atatu, ngati bowo lina lingakhale ndi chisoni. Pomaliza ndinakwera minibasi ija timati shapa kupita ku Insaca, kwa bambo amene anatsuka kompyuta yathu. Anali wadazi, ndipo baraka yake, kashopu kakang'ono, inali yodzaza ndi mafoni otsegulidwa mimba.

Anaitembenuza modemuyo m'manja n'kuseka pang'ono. "Amayi, iyi ndi ya nthawi imene ndinali ndi tsitsi."

Ine sindinaseke. Ndinawauza nkhani yonse, ndipo anakhala pansi. Anati msuweni uja sanawauze kuti kompyutayo ndi ya malemu, anangoti itsukidwe yonse. Kenako anandifotokozera mwapang'onopang'ono. Chipangizo chilichonse chimene chimabayidwa pa kompyuta chimafuna kapulogalamu kake kozimvanitsa ziwirizo, kamene amati dalaiva. Modemu yathu inali nako m'kati mwake, koma kanali ka sistema yakale, ndipo yatsopano inkakakana. Amene anapanga modemuyo anasiya kalekale kukakonzera makompyuta atsopano.

"Ndiye bwezeranimo yakaleyo," ndinatero.

"Zimbale zake za ma CD ndinataya. Zina ana anapangira magudumu a galimoto za mawaya."

Anati mauthenga amene alamu anga ankatumiza mwina anatsalira m'modemu momwemo, koma pafunika kompyuta ya msinkhu wake. Anaganiza kanthawi akukanda dazi. Kenako anatchula mayi wina wogula nandolo pamsewu wolowera ku Entre Lagos, pafupi ndi kumene ndinkakhala komwe. "Ali ndi chikompyuta chimene ndakhala ndikuwauza kuti ataye. Lero mwina andichititsa manyazi."

M'mawa mwake ndinafika kumeneko alimi ali kale pamzere ndi matumba awo. Mwini wake anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, atamanga mpango wa Chisilamu. Pakhomo panali sikelo yachitsulo, ndipo chingwe chake chinkalowa m'nyumba n'kukathera kumbuyo kwa kompyuta yachikasu ndi ukalamba. Mutu wa chingwecho unali waukulu, womangidwa ndi tizomangira tiwiri. Thumba likaikidwa pasikelo, kulemera kwake kunkaoneka pagalasi, kapepala n'kutuluka.

Ndinadikira mpaka mzere utachepa. Nditanena chimene ndabwerera, anapukusa mutu ndisanamalize.

"Achemwali, pa agogo awa sipabayidwa kanthu. Mwana wanga anandibweretsera yatsopano kuchokera ku Nampula, yopyapyala ngati chitumbuwa chophwanyika. Bowo la chingwechi inalibe. Tinagula kolumikizira, sikelo inangoti duu sabata yathunthu. Ndinabweza agogo pamalo pawo. Ndiye inu mukufuna mundilowetsere matenda? Nandolo ndiziyeza ndi maso?"

Ndinati ndamva. Koma sindinachoke, chifukwa ndinalibe kwina kopita. Ndinakhala pa thumba lopanda kanthu pafupi ndi khomo. Anayeza matumba ena anayi akundiyang'ana cham'mbali. Kenako anafunsa kuti nsalu yakuda ya kumutu kwangayo ndi ya ndani. Ndinawauza. Ndinawauzanso za munda, za alamu anga, ndi za kutsuka kuja.

"Ndiye kanthuko kanatsukidwa?"

"Ayi. Ndinakabisa."

"Mwachita bwino. Akanakatsuka amuna amenewa bwenzi mukulira kawiri." Anapukuta manja pa kapulana. "Ine anga atamwalira ndinakhala m'nyumba miyezi inayi, ndinatsala pang'ono kudya zitseko. Bweretsani."

Anaibaya okha, akunong'ona kapemphero. Kompyuta inalira kamodzi monga zinzake zonse. Ndinadikira mawu okana aja, koma sanabwere. M'malo mwake m'kati munayamba kukukuta, ndipo pagalasi panatuluka kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Kanayenda, kanaima, kanayendanso. Ine ndinatuluka panja, ndinalowa, ndinatulukanso. Mlimi wina wachikulire anandiuza kuti ndikhale pansi ndikumuzunguza mutu.

Kenako panatseguka chithunzi chimene ndinkachidziwa, chomwe ndinkachiona amuna anga akamagwira ntchito. Mayi aja anafufuza mpaka anapeza pa mauthenga olandira. Analimo asanu ndi awiri. Anandisiyira mpando kuti ndiwerenge ndekha, ndipo ndinawerenga ndi chala pagalasi. Ambiri anali a anthu othokoza kuti makalata afika. Awiri anali a nambala ya ku Malawi. Womaliza unati: Achimwene, chifuwa chija chili bwanji? Mwangoti zii. Ana akupereka moni kwa alamu.

Sindinkadziwa kuti ankandipatsa moni. Amuna anga sanali munthu wofikitsa moni.

Mayi aja analemba nambalayo kuseri kwa kapepala ka sikelo, anaiwerenganso kawiri mokweza, n'kuzula modemu. Mlimi wachikulire uja anaika thumba lake pasikelo. Pagalasi sipanaoneke kanthu. Analichotsa, analibwezera. Palibe.

"Si izi," anatero mayi aja. "Ndinanena ine."

Alimi anayamba kuseka. Wina anati agogo alawa za achinyamata, ntchito sakuifunanso. Wina anati lero aliyense azinena yekha kulemera kwa thumba lake. Mayi aja anawauza kuti amene akufuna kuseka akasekere kwawo. Anazimitsa kompyuta, anamasula tizomangira ta chingwe, anauzira m'bowo, anamanganso, n'kuyatsa. Tinadikira tonse, alimi atasuzumira pakhomo. Sikelo itayambanso kuonetsa manambala, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pitani, achemwali, ndisanasinthe maganizo. Mukafika kwanu mudzandigulitse nandolo ine, osati wina."

Sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kusukulu, ndinadikira aphunzitsi atuluke m'kalasi, ndipo tinayenda limodzi mpaka pafupi ndi malire kumene foni imagwira bwino za ku Malawi. Inaitana nthawi yaitali. Anayankha mayi wa mawu otsika, kumbuyo kukumveka mbuzi.

"Ndine mlamu wanu wa ku Entre Lagos," ndinatero.

Iwo anati, "Mwaimba ndinu, osati iwo."

"Eya."

"Liti?"

Ndinawauza tsiku. Anafunsa ngati anavutika nthawi yaitali, anafunsa amene anawasambitsa, anafunsa ngati manda ali pamthunzi. Sanalire pafoni. Pomaliza anati, "Ndiye inu mwakhala womangika nthawi yonseyi chifukwa cha ine." Ndinati si chifukwa cha iwo. Anati adzanyamuka akangopeza wowasungira mbuzi.

Anafika patapita masiku asanu ndi limodzi, pa njinga ya kabaza kuchokera kumalire, mvula yoyamba itagwa kale. Anali wamfupi kuposa mmene ndinkawakumbukira. Tinapita kumanda awiriwiri, ndipo kumeneko ndi kumene analira. Tsiku lotsatira anthu anasonkhana pabwalo. Alamu anga anaimirira nanena kuti ndinawasamala achimwene awo mpaka pomaliza, banja lawo lilibe nane mlandu, ndipite kwathu ndi mtendere. Anamasula okha nsalu ya kumutu kwanga.

Ndinafika ku Amaramba mvula yachiwiri ikugwa. Ana a azakhali anali atabzala kale chinangwa mbali ya kumunsi, ndipo sindinakangane nawo. Mbali ya kumtunda inali idakali thengo. Ndinabwereka khasu kwa mng'ono wanga tsiku lomwelo.