Boti langa lankhondo pa Mzimba

"Boti? Pa Mzimba pano? Ukaliyendetsa mumkodzo wa ng'ombe?" anatero amama, atagwira m'chiuno. "Anzako olephera Fomu 2 akupalira fodya, iwe kusema zoitana apolisi!"

Mayeso ine sindinalephere, anachita kundizemba. Ndipo boti lija silinali masewera. Chithunzi chake ndinachipeza m'magazini yong'ambika imene asibweni, alongo awo a amama, anakulungira nsapato pochokera ku Joni: boti lotuwa la nkhondo ya azungu, mipope iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo, yolavula mabomba osambira ngati nsomba. Ndinayeza chithunzicho ndi ulusi, paliponse n'kukulitsa mofanana, mpaka chinatalika ngati mkono wanga. Thabwa linali la paini, logwa pa lole ya ku Chikangawa. Chabwino, ndinalithandizako kugwa. Mipope inali ya bango, mfuti za sipoko ya njinga, chopalasira cha chitini, chozungulira ndi mphira wa chubu. Dziko lonse la Malawi kunalibe injiniya ngati ine.

Cholakwa chinali kuliyesa m'bafa panja. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene maso ake amaboola njerwa, anaona chinthu chikuyenda chokha pamadzi. Pofika madzulo tauni yonse inali itamva kuti ndapanga ndege ya ufiti. Pofika m'mawa mwake nkhani inali ku Manyamula, ndege ija itanyamula kale anthu.

Ndiye kunabwera a tcheyamani a nthambi ya chipani, njinga ili kriii pakhomo. Adada anavula chipewa.

"Yewo, adada. Tione chinthu cha mwanayu," anatero a tcheyamani.

Analitembenuza, kulinunkhiza, kusuzumira mumpope ndi diso limodzi.

"Mizinga iyi?"

"Ndi mabango, bwana," ndinatero.

"Sindinafunse mabango. Mbendera ili kuti? Boti lankhondo lopanda mbendera ndi la ndani? Wakutuma ndani?"

"Palibe, bwana, ndinangoona pa chithunzi."

"Chithunzi chochokera kunja! Mbwenu Loweruka ubwere nalo ku msonkhano, anthu alione, tiliotche."

Kuliotcha! Zala zanga zinali zitatha ndi mpeni chifukwa cha boti limeneli. Adada anati akalitenga okha, ndi machesi awo omwe. Kuyambira pamenepo aliyense m'nyumba ndinkamuona ngati kazitape, ngakhale mphaka. Mlongo wanga akandifunsa kuti ndikupita kuti, ndinkayankha za mawa.

Ndinakumbukira mnzanga wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi kusukulu, kwawo ku Nkhata Bay, kumene madzi ndi enieni. Ndinakulunga boti m'pepala la simenti, ulendo ku positi. Kalaliki anagwedeza phukusi pafupi ndi khutu, mphira uja n'kumasuka, chopalasira chili trrrr m'katimo. Munthu anadumpha mpaka kudenga.

"Muli chiyani umu?"

"Msampha wa mbewa, ndapota, ndi wa agogo akunyanja."

Anandiyang'ana nthawi yokwanira kuti chimanga chimere ndi kucha, koma anadinda.

Loweruka ndinapita kumsonkhano ndi chikuni chosemasema, misomali ili bii, n'kunena kuti boti ndaliphwasula ndekha chifukwa cha ulemu. A tcheyamani anachiyang'ana, anandiyang'ana, anachiponya pamoto. Sanakhulupirire, ndikudziwa. Mpaka lero akandiona amatsika panjinga n'kundiyang'anitsitsa.

Yankho la mnzanga linafika envulopu ili yomatidwa kawiri, ndipo ndani anaitsegula panjira sindikudziwa. Analemba kuti:

"Ase, chinthu chako chafika. Adada akana kuti chilowe m'nyumba, akuti phukusi lolira lochokera ku Mzimba silingakhale labwino. Ndapita nacho kunyanja mobisa. Chimathamanga chomene, usadandaule, koma chimayenda chagada, mizinga pansi, mimba kumwamba. Asodzi akufunsa ngati kwanuko nkhondo amamenyana ndi nkhanu. Chili m'khola la abakha. Usanditumizirenso kanthu, kuno nakonso tcheyamani aliko."