Thanga la Adada pa Tsiku la Sabata

Ndikukumbukira chaka chimene bondo la Adada linayamba kutupa. Tinkakhala ku Chiweta, ndipo iwo anali eluda, mkulu wa mpingo. Lamulungu lililonse ankayenda wapansi m'mphepete mwa phiri kukalalikira ku kamudzi ka asodzi kumene kunalibe msewu. Bondo litakana, njira inatsala ya pamadzi. Koma Adada omwewo ndi amene ankadzudzula asodziwo kuti kupalasa bwato pa Sabata ndi ntchito, ndipo ntchito pa Sabata ndi tchimo.

Anaganiza zoika thanga pa bwato lathu limene anasema okha. Amama anasoka matumba a feteleza, ine ndinadula nsungwi ya mlongoti, Adada n'kuimangirira ndi zingwe zamatayala. "Mphepo ndi ya Chiuta," anatero. "Ikatikankha, ife sitinagwire ntchito."

M'mawa wa Sabata mwera unatinyamula bwino. Thanga linafufuma, likununkhabe feteleza, Adada atakhala tsonga mu jekete lawo lakuda. Tili pakati, mphepo inangoti zii. Thanga linalendewera ngati chovala pachingwe. Kumtunda tinkamva akuimba chitsulo choitanira anthu kutchalitchi.

Nkhafi inali pansi pa mapazi anga. Sindinadziwe ngati ndiigwire kapena ndiibise. Adada anaimba nyimbo imodzi yonse, nayang'ana kumwamba, koma bwato linkangotembenuka. Kenaka anavula jekete.

"Patse nkhafiyo."

Tinafika thukuta lili kamukamu, asodzi onse ali pamchenga. Mmodzi wa iwo, amene Adada anamudzudzulapo pagulu, anagwira mutu wa bwato n'kulikokera kumtunda.

"Yewo chomene, a eluda! Mwapalasa bwino. Kapena lero ndi Lolemba?"

Anthu anaseka. Tsikulo Adada analalikira mwachidule kwambiri.

Pobwerera ndinafunsa: "Adada, tachimwa kapena ayi?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

Zinandisokoneza kuposa mphepo ija. Ndinkayesa kuti mkulu wa mpingo amadziwa zonse.

Malemu mkazi wanga ankati ndimachedwa kuweruza ngati fulu. Mwina n'zoona. Kufikira lero funso lija sindinalipezere yankho. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti Adada akanatha kundinamiza kuti ulemu wawo usachepe, koma sanatero. Munthu akabwera kwa ine ndi mlandu wa mnzake, ndimayamba ndafunsa kuti iyeyo akanatani akanakhala pamenepo.